Zimake za Mipeni ya Bambo

Ndinasolola mpeni woyamba m'chimake. Unali utachita dzimbiri, lofiira ngati njerwa. Ndinasolola wachiwiri, wachitatu, mpaka yonse khumi ndi isanu ndi iwiri. Yonse chimodzimodzi. Ndinapisa chikhadabo pa kamzere kotsegulira n'kukoka, koma mpeni uli gwa!

"Mayo ine! Achimwene, mwatani?" anafuula mlongo wanga ataima pakhomo la chipinda cha Bambo, tsache lili m'manja.

Bambo anali kalipentala, ndipo mipeni yopinda ya m'thumba inali moyo wawo. Anaitolera zaka makumi atatu, n'kumaigoneka pansalu youma m'dilowa imene palibe ankaloledwa kuikoka. Ine ndimasoka nsapato, ntchito imene iwo ankaitcha yonunkhiza mapazi a eniake. Sitiroko itawagoneka m'chipatala n'kufoola dzanja lawo lamanja, ndinati ndiwadabwitse: mpeni uliwonse ndiusokere chimake chakechake. Chikopa umachinyowetsa, kuchikulunga pampeni, n'kumachisisita mpaka chigwire thupi lake. Nsapato timaisiya paphazi lamtengo kuti iumire pomwepo. Ndiye ine, wanzerune, ndinasiya mipeni m'zikopa zonyowazo milungu isanu yathunthu.

"Akutuluka mawa," anatero mlongo wanga. "Muwauze nokha. Ine musandilowetsemo."

"Ndiwauza, iwe. Usandipanikize."

Masana onse ndinakhalira kukhula ndi sandipepa. Kunja kunayera ndithu, koma mopindikira, momwe sandipepa safika, dzimbiri linali litamanga. Umodzi ndinaukanula ndi pulayala, nsonga n'kuthyoka. Ndinaubisa m'thumba, ina ija ndinaibwezera m'zimake.

Mawa lake Bambo sanafune n'komwe kugona. Anakhala pampando wa pabalaza, ndodo ili pakati pa miyendo. Maso awo anali atachita chidima, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Anamwino amandipatsa kampira koti ndizifinya," anatero. "Kampira! Ngati ndine khanda. Ndinawauza kuti tsiku limene chala ichi chidzatsegule mpeni, ndiye kuti ndachira, ndikubwerera ku matabwa anga. Milungu isanu ndakhala ndikuchiphunzitsa ndi chopanira zovala. Kanditengere mipeni yanga."

Ndinabwera nayo pathireyi, mawu ndili nawo kale pakamwa. Koma iwo anayamba apapasa chimake chimodzi, chala chikuyenda pamsoko, pang'onopang'ono, kuchokera kumwamba mpaka kunsonga.

"Wasoka ndani?"

"Ndine, Bambo."

"Iwe?" Anachinunkhiza, n'kuchitembenuza. "Msoko wake ndi wowongoka. Kani uli ndi manja, mwanawe."

Zaka makumi anayi ndinali ndisanamvepo mawu otere kwa iwo. Ndikunena zoona, ndinawameza ngati madzi, ndipo mawu anga aja anatsikira limodzi.

Anasolola mpeni wa chigwiriro cha nyanga, n'kuupana ndi dzanja lamanzere. Chala chachikulu chakumanja chinafufuza kamzere kaja mpaka chinakapeza. Anakoka. Mitsempha inatuluka m'khosi, mlomo ukunjenjemera, chikhadabo n'kuterereka. Anayesanso, kachitatu, kachinayi.

"Uwu ndi wouma chibadwire," anatero, akuseka kuseka kosachokera mumtima. "Patse wina."

Ndinawapatsa. Inde, ndi dzanja langali ndinawapatsa. Umenewonso unakana, wotsatira chimodzimodzi. Mlongo wanga anandiyang'ana diso loti bwenzi litandipha, koma ine ndinazyolika n'kumawerenga maluwa a pathireyi. Ndinkaopa. Sindinkaopa kukalipiridwa, poti ndinakulira momwemo. Ndinkaopa kuti andilanda mawu oyamikira aja.

Bambo anaika mpeni pamwendo.

"Ndiye kuti anamwino aja ankangondisangalatsa," anatero chapansipansi. "Dzanjali linapita."

"Achimwene ali ndi mawu," anatero mlongo wanga.

"Ayi, ndimati… mupume kaye, Bambo. Mwatopa ndi ulendo."

Mlongo wanga anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

"M'bokosi la zipangizo muli kabotolo ka oyilo," anatero Bambo osandiyang'ana. "Kanditengere."

Basi atulukira, ndinatero mumtima, ndipo ndinamva kupepuka. Ndinathamanga kukakatenga, n'kugwada pambali pawo kudikira kuti andifunse. Anatsegula kabotoloko ndi mano. Mpeni uja sanauyang'ane n'komwe. Anatambasula dzanja lamanja pabondo, n'kudonthezera oyilo pamfundo ya chala chachikulu, dontho limodzi, lachiwiri, kenaka anayamba kupinda chalacho ndi kuchiwongola.