Injiniya wa a Jamali

A Jamali, msodzi wa ku Mtakataka, sukulu ankangoiona podutsa. Koma mwana wawo Shamim atamaliza maphunziro a uinjiniya ku Blantyre, anayamba kuyenda ngati digiriyo ili m'thumba mwawo. Kumsika, kumzikiti, kudoko, uthenga unali umodzi: "Injiniya akubwera. Chowonongeka chilichonse musataye."

Anthu sanatayedi. M'mawa Shamim atangofika, khonde linadzaza ngati chipatala cha zitsulo: mawailesi osalankhula, mafoni ogwera m'madzi, makina osokera a mayi Bernadeta oyandikana nawo nyumba. Pakati penipeni panali injini ya boti ya a Jamali eni ake, itagonekedwa pamphasa ngati wodwala wamkulu.

Shamim anatuluka, napereka moni, nayang'ana katunduyo.

"Bambo, ine zimenezi sindizidziwa."

A Jamali anaseka. "Mwamumva? Kudzichepetsa. Anatengera ine."

"Ndikunena zoona. Uinjiniya uli ndi nthambi zambiri. Injiniyi ndi ya anzathu a zamakina, ogwira ntchito m'mafakitale. Mawailesi ndi mafoni ndi a zamagetsi. Ena amapanga feteleza ndi sopo, ena ndi a migodi, ena a ulimi wothirira. Ine ndi wa zomangamanga: misewu, milatho, madamu."

Kenako mayi Bernadeta ananyamula makina awo pang'onopang'ono.

"Zikomo kwambiri, mwanawe," anatero. "Ndipite kaye ndikaone ngati ndili ndi damu lowonongeka m'nyumbamu."

Ena onse anatsatira, aliyense ndi wodwala wake kukhwapa. A Jamali anatsala okha ndi injini yawo. Sabata imeneyo kumzikiti ankafika mochedwa n'kuchoka msanga.

Dzinja litafika, mtsinje unakokolola mlatho wina cha ku Golomoti, ndipo kampani yokonza inalemba Shamim ntchito. Mtima wa a Jamali unadzukanso. Anauza aliyense za ofesi yozizira, mpando wozungulira ndi galimoto la dalaivala wake. Iwo anali asanazione, koma nanga injiniya angakhale pati?

Yankho linabwera ndi mayi Bernadeta, pochokera kumsika wa Golomoti.

"Ndamuona bwana wathu," anatero. "Ofesi yake ndi yaikuludi, denga lake ndi thambo. Matope mpaka m'mawondo, chipewa ngati mbale. A Jamali, ntchito imeneyi ife timaigwira kudimba, popanda digiri."

M'mawa mwake a Jamali anakwera minibasi kuti akamutenge mwanayo, abwere azidzagulitsa usipa mwaulemu.

Anamupezadi m'matope. Koma anaonanso china. Amuna andevu, ena a msinkhu wawo, anali ataima manja kumbuyo kudikira kuti Shamim alankhule. Chigalimoto chokumba dothi chinali chitazima chifukwa iye anangokweza dzanja. Kapitawo wina wamimba anali kuchonderera za chipilala chimene anathira konkire dzulo lake.

"Madamu, ndi chabwinobwino ichi. Tingopaka pulasitala."

"Zitsulo mwaika zochepa," anayankha Shamim. "Madzi saopa pulasitala. Gwetsani."

Ndipo anagwetsa. A Jamali, amene kunyumba ngakhale nkhuku sinkawamvera, anayang'ana chipilala chikugwa pa mawu a mwana amene ankamutuma kukagula mchere. "Mashallah," ananong'ona poyamika Mulungu.

Shamim atawaona anathamanga kudzawalonjera. "Kwagwanji, bambo?"

"Palibe. Ndimadutsa."

"Kudutsa kupita kuti? Mlatho palibe."

A Jamali anatsokomola, nayang'ana kumwamba, nayang'ananso pamutu pa mwanayo.

"Zipewazi," anatero motsitsa mawu, "zimakhalapo zotsala?"

Madzulo ake anatsika minibasi pa Mtakataka atavala chipewa choyera cholimba chija, lamba womanga kuchibwano, thukuta lili chuchuchu. Anadutsa pakhomo pa mayi Bernadeta, ngakhale si njira yakwawo.

"Mwalembedwa ntchito, a Jamali?" anafunsa mayiwo.

"Timayendera ntchito," anayankha osaima. "Chipilala china sichinatisangalatse. Tagwetsa."