Dzanja la Janeti

Chiperoni chikatsika m'phiri, ngakhale mlesi amadziwa kumene kuli nkhuni. M'mawa umenewo, boma la chitaganya litangoyamba kumene, amayi othyola tiyi anasonkha moto kuseri kwa shedi ya sikelo, kudikira kuti mvula ikate. Kapitawo wawo, Pilato, anali nawo pomwepo, akuotha ngati motowo wabwera ndi kampani.

"A Pilato, kabudula ameneyu mwabwereka kwa bwana?" anafunsa Emma, mayi wapakamwa pakuthwa.

"Anandipatsa yekha, mayi. Anaona kuti miyendo yake ikumuchititsa manyazi."

Anthu anaseka. Anasekanso Janeti, mwana wa Anesi, mlongo wake wa Pilato. Kamtsikanako kanali ndi khunyu, ndipo mayi ake popita kukatunga madzi anakasiya pafupi ndi amalume ake.

Kuseka kusanathe, Janeti anauma thupi, maso n'kutembenuka. Anagwa chammbali, dzanja lamanja pamakala penipeni.

Amayi aja anabalalika, nsalu zili pamphuno. Ku malayini kuno, kunyumba za antchito, aliyense ankadziwa kuti ukakhudza wakhunyu atagwa, kapena kupuma mpweya wake, nthenda yasamukira kwa iwe. Pilato, amene anafika Sitandade 2 ku mishoni, ankaziseka zimenezi pamowa. Koma tsikuli miyendo yake yokongola ija inakana kusuntha.

Anatola ndodo yaitali yoyezera msinkhu wa tiyi, nayamba kukankha nayo mkono wa mwanayo ali patali. Ndodo inaterereka. Anayesanso, inaterereka. Fungo la mnofu wopsa litamufika, m'pamene anaitaya, n'kumunyamula mwana wa mlongo wakeyo ndi manja awiri, thovu likumuyenderera pachifuwa.

"Mwamugwira! Mayo, a Pilato, mwamugwira!" anakuwa Emma. Wina anati apake dzira, wina anati dothi lonyowa. Onse ankalangiza ataima kutali.

Pilato anathamanga naye m'matope mpaka ku kachipatala ka esiteti. A Juma, otsuka mabala, anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Wopsa ndi phala timamuona, wokwawira pamoto timamuona. Koma uyu wakhalitsapo. Panalibe munthu wamkulu?"

"Tinalipo," anatero Pilato. Nthabwala anaifuna, sinapezeke.

Anesi anafika wopanda mtsuko. Sanalire mokweza. Anangoyang'ana malaya a mlongo wake, onyowa ndi thovu.

Bala linapola mvula yoyamba itagwa, koma zala zinapindika n'kumamatirana ndi chikhatho, ngati munthu wafumbata kanthu kosafuna kuonetsa. Dzanja lotero silithyola tiyi, siligwira khasu.

Ku malayini anthu anasiya kudya mbale imodzi ndi Pilato, akudikira tsiku loti agwe. Iyenso anadikira, mwina n'kulifuna tsikulo. Silinabwere.

Ndodo ija sanaigwirenso. Tiyi ankamuyeza ndi maso, ndipo kukazizira ankakhala pakati pa Janeti ndi moto, atamugwira dzanja lopindikalo.