Dzanja Lamanja la Kachete

Oyendera sukulu ankabwera mawa lake, ndipo ahedi analowa m'kalasi yachitatu osagogoda n'komwe.

"Madamu, za manja zija mwawakumbutsa?"

Madamu anavomera ndi mutu. Pasukulupo panali kachitidwe kake kukabwera alendo. Mphunzitsi akafunsa funso, mwana aliyense ankakweza dzanja: wodziwa yankho lamanja, wosadziwa lamanzere. Mphunzitsi ankaloza okweza lamanja okhaokha, mlendo n'kubwerera akuyamikira kuti ana onse ndi anzeru.

"Koma uyu musayerekeze kumuloza, ngakhale akweze ndi miyendo yomwe," anatero ahedi, chala chili pa mtsikana wamtali wa pabenchi yakumbuyo. "Akangotsegula pakamwa, tonse tikagulitsa tomato kumsika."

Ana anaseka. Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Anzake ankamutchula kuti Kachete, chifukwa anali atabwereza kalasiyo koma mawu ake sanamvekepo. Ankakhala ndi azakhali ake, omwe anali atauza kale Madamu pageti kuti, "Akapanda kuwerenga teremu ino, azingondilelera mwana. Yunifolomu ikungothera pachabe."

Chiyambire tsiku limenelo, nthawi yopuma Madamu ankatsala naye m'kalasi anzake akusewera panja. Ankamulembera zilembo pabolodi ndi tizidutswa ta choko totola pansi. M'mawa uliwonse ankamutchula m'pemphero, kupempha Iye amene anamasula lilime la wosalankhula kuti achitenso chifundo chomwecho. Ndipo sabata imeneyo zilembo zinali zitayamba kugwirana. Kachete anawerenga yekha mawu akuti "mpando", kenako anagwira pakamwa ngati waba.

Tsiku la alendo, mayi wina wamagalasi anakhala pakona ndi cholembera chake. Ahedi anaima pakhomo atapinda manja. Madamu analemba pabolodi kuti: Mvula yagwa, mbewu zamera.

"Ndani atiwerengere?"

Manja anakwera m'kalasi monse. Kumbuyo, Kachete anakweza lamanja. Malaya ake ong'ambika kukhwapa anaonekera, koma dzanjalo sanalitsitse. Maso ake anali pa Madamu.

Madamu anaona. Ankadziwa kuti mwanayo sakunama. Koma ahedi anatsokomola pakhomo paja, ndipo chala cha Madamu chinadutsa pamwamba pa Kachete n'kukatera pa mwana wa kutsogolo.

Analemba chiganizo china. Dzanja lomwe lija linakweranso, koma mofooka. Madamu analoza wina. Pa funso lomaliza, Kachete anakweza lamanzere monga analamulidwa. Belu litalira, Madamu analimva ngati tambala uja amene analiza Petro.

"Mwatichotsa manyazi, Madamu," anatero ahedi alendo atapita. "Mayi aja akuti kalasi yanu ndi yachitsanzo."

Madamu ankafufuta bolodi akuganiza za tsiku limene Mbusa adzaike ena kudzanja lamanja, ena kulamanzere. Iye sadzatsokomoleredwa ndi munthu. Nanga Madamu eni ake adzaima mbali iti?

M'mawa mwake malo a Kachete anali opanda munthu. Ataweruka, Madamu anatsata kanjira kodutsa kuseri kwa mashopu mpaka kunyumba ya azakhali aja. Anawapeza akuchapa m'beseni, Kachete ataima pakhonde atabereka mwana.

"Takulandirani, aphunzitsi. Iwe, perekako mpando," anatero azakhaliwo, thovu lili m'manja. "Dzulo ndinamufunsa kuti, alendo aja wawawerengera? Akuti ayi. Ndiye tizivutikiranji?"

"Amawerenga, mayi. Anakweza dzanja, koma ine sindinamuloze."

"Aa, musamuikire kumbuyo. Mtima wanu wabwino timaudziwa."

Madamu anatulutsa kachoko m'chikwama, n'kulemba pachitseko chiganizo chija: Mvula yagwa, mbewu zamera.

"Werenga, mwanangu. Lero ndikuloza iweyo."

Kachete anayang'ana chitsekocho. Milomo yake inagwedera pang'ono, ndipo Madamu anaona kuti ikutsata zilembozo bwinobwino mpaka kumapeto. Koma mawu sanatuluke. Manja ake onse awiri anali kumbuyo, akuchirikiza mwana.

"Sindikudziwa, Madamu."

"Mwaonatu," anatero azakhali aja mosakwiya, akufinya thewera. "Si onse a sukulu. Mulungu anagawa mosiyana."

Madamu anafuna kunena kuti si Mulungu amene anagawa manjawo, koma anangopempha kuti Kachete abwereko kusukulu mawa lokha. Azakhaliwo anati aona, ndi mawu a munthu amene watsimikiza kale.

Ponyamuka, Madamu anasiya kachoko kaja pawindo. Panjira anayesa kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene ankaimba pobwerera kunyumba masiku onse, koma inakana kutuluka. Atafika pokhota anacheuka. Kachete anali ataimabe moyang'ana chitseko, akugwedeza mwana kuti agone.