Paipi ya Nsomba za a Kassim

Ine ndine Kalekeni, mlimi wa fodya pa Mtunthama, ndipo chilichonse chokhala ndi paipi chikawonongeka anthu amathamangira kwa ine. Mapampu opondaponda, masipuleya opopera mankhwala, mijigo, zonsezo ndimakonza. Za nsomba zokha sindinkadziwapo kanthu, koma munthu amene wazolowera kutamandidwa sanena kuti sindidziwa.

A Kassim, eni sitolo ya zitsulo pamsika, anagula thanki yagalasi kwa mphunzitsi wina amene ankabwerera kwawo kunja. Munali nsomba zisanu za m'nyanja yamchere, zazifupi ngati chala, zina zachikasu, zina zabuluu. Sizinali zodya ayi, zongoyang'ana basi. Kuno kumene timachita kulimbirana madzi pamjigo, munthu wamkulu n'kumasungunula mchere wogula ku Lilongwe kuti tinsomba tisambe! Ife tinkawaseka, koma iwo ankazikonda kwambiri, mwina chifukwa m'nyumbamo munalibe mwana.

Pambali pa thankiyo panali kachipangizo kotchedwa sikima. Kamakoka mpweya ndi kapaipi, n'kuusakaniza ndi madzi, ndiye thovu limakwera ndi zonyansa zonse n'kukagwera m'kakapu pamwamba. Vuto lake kankalira fyooo osapuma. Akazi awo, mayi Asiya, ankadandaula kuti mutu ukuwapweteka.

"Tsiku lina ndidzathiramo sopo m'madzimu kuti tipume," anatero akuseka, ine ndili pomwepo.

A Kassim anandipempha kuti ndithetse phokosolo. Nditaunguza ndinapeza kuti limachokera polowera mpweya. Ndinapita kuchigafa kwanga, kumene ndimaunjikako zakale, ndinasolola paipi yaitali, kuitsuka ndi madzi, n'kukailumikiza pa sikimayo. Mbali inayo ndinaitulutsira pawindo kuti kulirako kuzimveka panja. M'nyumba munati zii, ndipo thovu linachuluka kuposa kale. A Kassim ananditcha injiniya, ine n'kubwerera kwathu mapewa ali m'mwamba.

Patapita masiku atatu nsomba imodzi inayandama chagada. Mawa lake inanso.

A Kassim anandiitana, n'kunditengera kuseri kwa nyumba. "A Kalekeni, mchere ndayeza, uli bwino. Kutentha kuli bwino. Zaka ziwiri kwa aphunzitsi aja sizinafe. Chazipha n'chiyani?"

Ndinayang'ana thovu lija pawindo, ndipo m'malo moti ndikhale chete, ndinati, "Thovu lambiri chonchi, bwana, si sopo ameneyu? Paja mayi ananena kuti chiyani tsiku lija?"

Pamenepo ndiye ndinalakwa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. A Kassim anangoyang'ana kukhitchini nthawi yaitali.

Kuyambira tsikulo chilichonse cha mayi Asiya chinayamba kuoneka ngati umboni. Akapanda kutuluka kudzandilonjera, ndinkati chikumbumtima chikuwavuta. Akatuluka akumwetulira, ndinkati taonani kulimba mtima kwake. A Kassim anayamba kuyang'ana paketi ya sopo m'mawa ndi madzulo kuti aone ngati yachepa. Kenako anagula loko, n'kumakhoma chipinda chochezera popita kusitolo, kiyi m'thumba. Nsomba yachitatu inafa loko ali pachitseko.

"Asiya ali ndi kiyi wina," anandiuza a Kassim. "Kapena akuthira pansi pa chitseko, kaya. Ndawafunsa, akukana kwamtuwagalu. Munthu wopha kanthu kosalakwa n'kumakana m'maso muli gwa, mawa adzandithira ine m'tiyi."

Ine ndinagwedeza mutu movomereza. Anati aimbira kale achimwene awo a mayiwo ku Nkhotakota kuti mlongo wawo akubwerera Loweruka.

Loweruka lomwelo m'mawa ndinali kudimba, kupopera mankhwala a nsabwe panazale ya fodya. Nditamaliza ndinatsuka sipuleya, n'kukhuthulira madziwo m'kadzenje kamene timatungamo madzi othirira. Ndinatsuka kachiwiri, kachitatu, monga timachitira tonse. Pomanga zingwe kuti ndizipita, ndinaona mbululu za m'kadzenjemo zitayandama, mimba m'mwamba, chimodzimodzi nsomba zija.

Pamenepo ndinakumbukira. Paipi imene ndinasolola kuchigafa ija inali ya sipuleya yanga yakale, imene inamwa mankhwala a fodya zaka zisanu ndi chimodzi. Ife kuno timati paipi ukaitsuka ndi madzi yayera, ndipo ena amakokera nayo ndi madzi akumwa omwe. Koma mpweya wonse wolowa m'madzi a nsombazo unkadutsa mmenemo, tsiku ndi tsiku.

Ndinaima kaye pamenepo, ndisaname. Ndinaganiza zopita mwakachetechete, kukachotsa paipiyo ngati ndikungokonza, osanena kanthu. Nanga ndani akanadziwa? Koma ndinakwera njinga, n'kupalasa mpaka mwendo wa buluku kukodwa m'tcheni.

Ndinapeza mayi Asiya atakhala pakhonde, zikwama ziwiri pambali, akudikira kabaza wowatengera pasiteji. A Kassim anali ataima pakhomo, manja kumbuyo.

"Bwana, tsegulani loko. Si mayiwa ayi, ndine."

Ndinazula paipiyo n'kuwapatsa kuti anunkhize. Anaibweza msanga akutsokomola, chifukwa fungo limenelo aliyense wa ku Kasungu amalidziwa. Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Nsomba yachinayi inali itafa usiku, ndipo m'thankimo munatsala kansomba kamodzi kabuluu, kakupumira pakona.

A Kassim anayamba kundikalipira, koma mawu anawathera panjira. Anatembenukira kwa akazi awo.

"Asiya, wamva wekha. Zatha. Lowetsa zikwamazo."

Mayi Asiya sanadzuke. Anandiyang'ana ine poyamba.

"Za paipi sindikukuimbani mlandu, a Kalekeni. Simunadziwe. Koma zija munanena kuseri kwa nyumba ndinazimva, ndinali pawindo la kukhitchini. Zimene zija munkadziwa chimene mukuchita."

Kabaza anafika, n'kuimika njinga yamoto pafupi ndi khonde.

"Asiya, ndati zatha," a Kassim anabwereza. "Ndinalakwitsa. Nanga ukupitiranji?"

"Ndinakuuzani kasanu kuti si ine. Ndinagwira ndi miyendo yanu yomwe. Zaka khumi ndi zinayi ndikukuphikirani, simunadwalepo m'mimba, koma sabata yonseyi tiyi wanga mumathira pansi mukuganiza kuti sindikuona. Lero mwakhulupirira chifukwa wanena ndi mwamuna mnzanu."

Ananyamula okha zikwama zija. A Kassim anatambasula dzanja kuti awalande chimodzi, mayiwo n'kuchikokera pachifuwa.

"Akanapanda kubwera awa," anatero atakhala kale panjingapo, "mukanandikhulupirira liti?"

Mayi Asiya anadikira ndithu, nthawi yokwanira kuti munthu ayankhe. Kenako anagwira phewa la kabaza uja n'kumuuza kuti tiyeni.