Kumene a Liwiro Ankathamangira

Nditamaliza sukulu ndinadzipatsa miyezi itatu yoti ndikhale waliyi. Musaseke. Anzanga ankadikira zotsatira za mayeso, ine ndinkadikira Mulungu, ndipo ndinkaona ngati akuchedwa.

Chinandiyambitsa ndi kabuku kothothoka chikuto kamene ndinakapeza pashelefu ya mumzikiti, pansi pa wotchi yakufa. Munali nkhani za mawaliyi, abwenzi a Mulungu. Wina ankayenda pamadzi. Wina akakweza manja, mvula inkagwa asanawatsitse. Ndinakawerenga katatu, kenaka ndinayamba kudziona ndikudutsa mumsewu wathu nditavala mkanjo woyera, nkhope ikuwala, mtsikana wa pafamasi uja, amene sanandiyang'anepo kawiri, akugwetsa botolo la mankhwala a chifuwa.

A Shehe athu anali ndi kagulu kawo. Pemphero la chakumadzulo, limene timalitcha swala, likatha, anthu ankakhala mozungulira pakapeti wobiriwira n'kumachita zikiri, kutchula dzina la Mulungu pamodzi, matupi akupendekera uku ndi uku mpaka mawindo kumanjenjemera. Wofuna kulowa m'gululo ankagwada, a Shehe n'kumugwira dzanja lamanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankakhala wophunzira wawo. Dzanja limenelo ndi limene linkandisowetsa mtendere.

“A Shehe, mundigwira liti dzanja?”

“Wadya?”

“Ndikusala.”

“Lachitatu? Wakutuma ndani? Pita ukadye, ukuoneka ngati chingwe choyanikira zovala. Ukamaliza swala iliyonse uzipempha chikhululuko kwa Mulungu maulendo zana limodzi. Basi.”

Ine ndinkapempha maulendo chikwi. Ndinawerengera kuti ngati zana limodzi limafikitsa munthu m'chaka, chikwi chindifikitsa m'mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Masamu ndinkakhoza. Tasibihi yanga, mikanda yowerengera ija, sinkachoka pamkono, ndipo chala chinachita chithuza chimene ndinkachionetsa mwadala popereka moni.

Chondichititsa manyazi chinali chimodzi: bambo anga aang'ono. Bambo ondibereka anamwalira ndili ndi zaka khumi, atagundidwa ndi lole akuchokera kuntchito panjinga. Mng'ono wawoyu ndiye anatisamala ine ndi mayi. Anali ometa, kashopu kawo ka mpando umodzi kali pafupi ndi siteji ya basi. Swala sankaphonya, koma ankalowa mphindi yomaliza, tsitsi la anthu lili pamalaya, n'kuima mzere wakumbuyo pafupi ndi nsapato. Tikangopereka salamu yotsekera, kumanja ndi kumanzere, iwo anali atafika kale pakhomo. Zikiri sanakhalepo n'kamodzi komwe. Anthu anawatcha a Liwiro.

“A Liwiro, mwasiya mkaka pamoto?” ankakuwa wogulitsa matayala. “Dikirani angelo amalize kulemba dzina lanu!”

“Akulidziwa kale,” ankayankha choncho akupondera nsapato, n'kuzimirira.

Ine ndinkalakalaka kapeti atandimeza. Nthawi yomweyo a Shehe ankadzuka movutikira, atatsamira ndodo, n'kuima kanthawi asanakhalenso. Tonse tinkadziwa kuti ndi bondo lawo lija, limafuna kuwongoledwa.

Mwezi wachiwiri ukutha, a Shehe anatopa nane. “Chabwino, Lachisanu lino,” anatero. “Koma wamkulu wa kwanu akhalepo. Sindigwira dzanja la mwana wa eni mobisa.”

Wamkulu wa kwathu, munthu wosatha kukhala pakapeti mphindi zisanu! Bambo aang'onowo ndinawapempha kunyumba, iwo akupukuta makina ometera ndi kamswachi.

“Ndiyesetsa, Bwana Sukulu.”

“Musayesetse, bambo, mukhale.”

“Ndati ndiyesetsa.”

Mayi, amene ankapinda zovala, anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangopitiriza kupinda.

Ndiye ndinaganiza zowaphunzitsa kukhala. Lachinayi, anthu akufola mizere, ndinazemba, ndinatenga nsapato zawo zakuda zopindika zidendene zija, n'kuziponya kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinaswali mtima uli mbee. Ndinkaona kuti ndikupulumutsa munthu.

Salamu itaperekedwa, bambo aang'ono anafika pakhomo n'kuima. Anasuntha nsapato za anthu ndi phazi. Anasuzumira pansi pa benchi. Wogulitsa matayala anayamba kuseka.

“Lero liwiro laphwa mpweya!”

“Bambo,” ndinatero mokweza kuti onse amve, “khalani nafe lero lokha. Mumathawa chiyani? Dzina la Mulungu limakuyabwani?”

Bambo aang'ono anandiyang'ana, osakwiya, ngati mmene amayang'anira mutu wa mwana wovuta kumeta. Kenaka anayang'ana dzuwa, n'kutsika masitepe opanda nsapato.

“Nsapato zili kuti?”

Anali a Shehe. Anali chiimire, ndipo mawu amenewo sindinawamvepo kukamwa kwawo.

“Ndazisunga, a Shehe. Ndimafuna akhale nafe pa zikiri kuti…”

“Zitenge. Uwathamangire. Ukawaveke ndi manja ako, ndipo usapondenso pakapeti pano usanawaveke.”

Ndinatuluka makutu akutentha, nsapato m'manja. Bambo aang'ono ndinawaona patali akukhota pasiteji. Shopu yawo anaidutsa osayang'anako, pachitseko pali kakatoni kaja kolembedwa kuti “ndikubwera”. Anadutsa garaja, analowa kanjira kamafuta akuda ndi zidutswa za magalasi, kuseri kwa shedi ya akalipentala. Kumeneko kunali kachipinda ka chitseko chamalata. Analowa osagogoda.

Fungo ndi limene linayamba kundilandira: mkodzo, sopo, ndi spiriti wa kushopu kwathu. Maso atazolowera mdima ndinaona bedi lachitsulo, ndowa, mpando wopanda chotsamira. Bambo aang'ono anali atagwada, chala chakuphazi chikutuluka magazi, manja atawalowetsa pansi pa munthu wowonda ngati nkhuni.

“Tiyeni, akulu, titembenuke. Ndachedwa lero, pepani. Chimodzi, ziwiri…”

Munthuyo anagubuduka n'kuyang'ana kukhomo. Mbali imodzi ya nkhope inali yogwa, malovu akutsika. Khutu lakumanzere linali lodukira pamwamba.

Nsapato zinagwa zokha.

Khutu limenelo ndinaliyang'ana masiku atatu kukhoti, ndili ndi zaka khumi, nditakhala pambali pa mayi. Ndinaliona mwini wake akuseka ndi mnzake pakhonde, ife tikudutsa. Ndakhala ndikulilota zaka zisanu ndi zinayi.

“Tseka chitseko, mphepo ikuwalowa,” anatero bambo aang'ono osatembenuka.

“Bambo.” Mawu anatuluka ngati a mwana. “Mukumudziwa munthu ameneyu?”

“Ndimamumeta Lachiwiri lililonse. Ndingalephere kumudziwa?”

“Ndi dalaivala uja! Anapha bambo anga!”

“Anapha mkulu wanga. Gwira beseni.”

Sindinagwire. Ndinatsamira khoma. Iwo anaviika thaulo, analifinya, n'kuyamba kupukuta msana wa munthuyo pang'onopang'ono, kuzungulira chipsera cha chilonda chakale.

“Akagonera mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda,” anatero, ngati akundiphunzitsa kugwira sizasi. “Ndiye swala ndiyo wotchi yanga. Ndikamaliza kuswali, ndimadzamutembenuza. Kasanu patsiku. Si zambiri.”

“Kuyambira liti?”

“Zaka zitatu. Atatuluka kundende anafa ziwalo mbali imodzi. Abale ake anamusiya muno. Kasitomala wina ndiye anandiuza, akuganiza kuti ndisangalala.”

“Ndiye munamumvera chisoni?” Ndinkakuwa tsopano. “Chisoni? Ameneyu?”

Anasiya kupukuta. Anandiyang'ana koyamba.

“Chisoni chanji? Tsiku loyamba ndinabwera ndi lezala m'thumba, mwanawe. Sindinabwere kudzamumeta.”

Bambo anga aang'ono, amene amapepesa akangokanda khutu la kasitomala.

“Ndinamupeza atadziipitsira, ntchentche zili m'maso. Ndinati ayi, munthu sangapite kwa Mwini wake ali chonchi, ndimusambitse kaye.” Anaviikanso thaulo. “Mpaka lero sindinamalize kumusambitsa.”

Pamenepo ndinaiona nsalu yoyala pabedi. Yamaluwa abuluu, yopsa ndi simbi pakona. Mmawa uliwonse inkakhala pachingwe kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ine ndinkaidutsa ndi tasibihi yanga, kuikankha ndi phewa. Pampando panali kontena yathu ya chivundikiro chosungunuka mbali imodzi.

“Mayi akudziwa?”

“Ukuona ngati nsaluyi imadzichapa yokha?”

“Mayi anga?”

“Sanalowepo muno, ndipo akuti sadzalowa mpaka kufa. Dzina lake safuna kulimva. Koma amachapa, amaphika. Usakawafunse, udzangowaliritsa. Gwira beseni, Bwana Sukulu, mawondo anga si a mnyamata.”

Ndinagwira, sindikudziwa chifukwa chake. Tasibihi inatsetsereka pamkono n'kugwera m'madzi akudawo, ndipo ndinalibe dzanja loivuulira. Ndili pafupi choncho ndinamva kuti bambo aang'ono sanali chete. Thaulo likamatsika, mpweya wawo unkatuluka ndi dzina la Mulungu. Likamakwera, chimodzimodzi. Motsitsa kwambiri, ngati munthu amene sakudziwa kuti akulankhula. Panalibe amene ankawerenga.

Dalaivala uja ankandiyang'ana ndi diso lake lamoyo. Anthu amati ndinatengera bambo anga chilichonse, mpaka mpata wa mano. Milomo yake inavutika nthawi yaitali.

“Wa… njinga,” anatero. “Mwana… wa njinga.”

Diso linadzaza. Dzanja lake labwino linanyamuka pansalu ya mayi anga, n'kubwera kwa ine, lotambasula.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka madzi anatayikira pansi. Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi, kenaka linagwa.

Bambo aang'ono anamudyetsa ndi supuni, anamupukuta pakamwa, anamufunditsa. Tili panja ndinakumbukira chimene a Shehe ananditumira. Ndinagwada m'fumbi lamatabwa, ndinachotsa kagalasi kuchala chawo, ndinapukuta magazi ndi mkanjo wanga woyera uja, n'kuwaveka nsapato imodziimodzi.

“Ukakauza anthu,” anatero ali pamwamba panga, “ndidzakumeta mpala ndi lezala yobuntha. Wamva?”

Ndinkafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

Kumzikiti ndinapeza gulu litabalalika. A Shehe anali okha pakhonde, dzuwa likufiira pamalata a garaja. Anayang'ana magazi apamkanjo wanga, kenaka tasibihi yonyowa.

“Wawaveka?”

“Ndawaveka.” Ndinakhala pansi osauzidwa. “A Shehe, mumaimirira chifukwa cha bondo?”

“Bondo limafuna ndizikhala, mwana wanga. Kuimirira kumandipweteka.”

“Ndiye bambo aang'ono ndi waliyi?”

“Iwe ndi mawu akuluakulu! Amene ali bwenzi la Mulungu amamudziwa ndi Mulungu yekha, ndipo amamubisa, nthawi zina ngakhale kwa mwini wakeyo. Ukawafunsa bambo akowo adzakuuza kuti ndi ometa. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti pali munthu amene akamadutsa ndimachita manyazi kukhala pansi.”

“Koma zikiri sachita nafe.”

“Ife timakhala pakapeti kuphunzira kukumbukira Mulungu. Ukufuna munthu asiye kukumbukirako adzakhale nafe m'kalasi?”

A Shehe anatambasula dzanja lamanja. Dzanja lomwe lija, la mitsempha yotukuka, limene ndinalilota miyezi iwiri.

“Lachisanu ndi mawa, koma wamkulu wa kwanu wamuveka nsapato. Bwera.”

Ndinaliyang'ana. Langa linakana kunyamuka pabondo.

“Sindinamukhululukire munthu uja, a Shehe. Ndikanakhala ndi lezala ine…”

“Sindinakufunse zimenezo.”

“Wanditambasulira dzanja. Ndalikana.”

A Shehe anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubweza dzanja lawo pandodo.

“Ndiye kayambe ndi limenelo. Langali lilipo, silipita kulikonse. La uyo sindikudziwa kuti lidikira mpaka liti.”

Woitanira swala anayatsa chimkuzamawu, chinalira kaye ngati mwa masiku onse. Anthu anayamba kufika. Ine sindinapite kutsogolo kumene ndinkakonda kuima kuti a Shehe azindiona. Ndinaima mzere wakumbuyo, pafupi ndi nsapato, ndipo mphindi yomaliza munthu wonunkhira spiriti anadzaima pambali panga akutsimphina pang'ono.

Swala imeneyo sindikukumbukira kuti ndinanenamo chiyani. Ndinkangoona khutu lija, ndi nsalu ya mayi, ndi dzanja lili m'malere. Salamu kumanja, salamu kumanzere, bambo aang'ono anadzuka. Ndinapezeka nanenso ndadzuka.

“Taonani!” anakuwa wogulitsa matayala. “Liwiro labereka!”

Anthu anaseka. Ndikuvala nsapato ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwathu, ndi kubuula kwa munthu wokalamba amene akudzuka movutikira. Sindinatembenuke. Ndinkadziwa kuti sakuimirira ine.

“Ukalowa?” anafunsa bambo aang'ono tikukhota pasiteji.

“Sindikudziwa.”

“Chabwino. Ukaime pakhomo, uzikandipatsira madzi.”

Tinadutsa pafamasi. Ngati mtsikana uja anayang'ana, sindinaone. Ndinkayang'ana pansi, kupewa magalasi.