Magetsi Otsala

"Yaimanso," anatero Melenaite.

Nkhope ya mchimwene wake Taniela inali itauma pa laputopu, kukamwa kuli yasa. Iye anali kumunda wa malalanje ku Australia, ndipo abwana ake anali atamuuza kuti akapita kumaliro, ntchito sadzaipezanso. Anangopempha chinthu chimodzi: aone nkhope ya bambo ake asanaikulunge.

Bambo Aisea anali atawagoneka pakati pa nyumba yawo ya pachilumba, pamikeka yosanjikiza, tsitsi likunyezimira mafuta a kokonati. Kumutu kwawo kunakhala azakhali Kalolaine, mlongo wa malemu, amene pamaliro a mlongo wawo mawu awo satsutsidwa. Nsalu ya makungwa inali kale pamiyendo pawo.

"Madzi a m'nyanja akaphwa, boti la abusa silidutsa pamatanthwe pobwerera," anatero azakhaliwo. "Belu likalira ndimukulunga. Kamakina kakoko kachite changu."

"Si kanga, azakhali. Ndi ka bambo."

"Ndiye katengera mwini wake. Aisea ankalowa m'tchalitchi anzake ali panyimbo yachiwiri."

Melenaite anakonza mkeka wamaliro umene anamanga m'chiuno, n'kugwada bwino. Kumzinda wa Auckland, kumene ankakhala, ntchito yake inali yomweyi, kukonza makompyuta a m'maofesi. Anasolola kakhadi ka intaneti kamene kanalowetsedwa m'mbali mwa laputopu. Makina anapepuka nthawi yomweyo. Atakabwezera, zonse zinayambanso kukwawa.

Zaka zonsezi ana ankati vuto ndi netiweki ya pachilumba. Lamlungu lililonse bambo awo akaimba, nkhope inkaima, mawu okha n'kumabwera, ndipo Taniela ankaseka kuti akucheza ndi chithunzi cha pakhoma.

Anatsegula pamene amasinthira kagwiritsidwe ka moto, ndipo anapeza kuti laputopu inauzidwa kusunga moto mpaka pamapeto. Inkazimitsa khadi lija kuti isawononge batire, khadi n'kudzuka kufuna moto, makina onse n'kuima kudikira kuti awiriwa amvane. Sizinangochitika zokha. Munthu anachita kusankha malo aliwonse, amodziamodzi.

Melenaite anasintha zonse. Taniela anaphethira, n'kusuntha mutu.

"Mele? Ndikukuona tsopano."

Pomwepo kachizindikiro ka batire kanafiira. Batire la laputopu linali lokalamba, silikanapirira. Melenaite anakwawira pansi pa tebulo, pamene panali batire la sola. Nyale za pamaliro zinali zitamwa moto wake usiku wonse, ndipo potulukira moto panali pamodzi pokha. Pamenepo panali waya wakuda wotulukira pawindo. Anaugwira kuti auzule.

Dzanja la amayi ake linafika pamkono pake.

"Umenewo ayi."

"Amayi, ikazima apa achimwene saona chilichonse."

"Ndi wa furiji ya bambo Fonua. Muli mankhwala awo a shuga."

Melenaite anayang'ana wayawo. Unadutsa pawindo, pamwamba pa mpanda, kukalowa m'nyumba yoyandikana nayo.

"Bambo ako laputopu ankaipatsa zotsala," anatero amayi motsitsa mawu. "Dzuwa likakhala paliwombo ankaimwetsa pang'ono, n'kubwezera waya. Ine ndinkati, ana akukusekani, nkhope yanu ikumaima. Iwo ankati, iime, bola akundimva."

Panja kwaya ya azimayi inkamaliza nyimbo.

"Ndiye titani?" anafunsa Melenaite. Ankayang'ana azakhali, koma iwo maso anali pa mlongo wawo.

Pakhomo panamveka ndodo. Bambo Fonua, amene matenda a shuga anawadulitsa mwendo, anali atakhala kunja pansi pa windo pamodzi ndi azibambo ena. Anadzitsitsa pakhomo, n'kulowa chokhala.

"Anandinamiza mnzangayu," anatero. "Anati magetsi achuluka, akungotayika. Anati ndikakana ndiye kuti ndikukana dzuwa la Mulungu." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Zula, mwanangu. Mankhwala ndikawakulunga m'nsalu yonyowa. Sangafe ndi pemphero limodzi."

Melenaite anayang'ana amayi ake. Amayi anachotsa dzanja.

Atalumikiza laputopu, galasi linawala kuposa mmene aliyense m'nyumbamo analionerapo. Anainyamula ndi manja awiri mpaka pamene waya unathera, n'kuipendeketsa pamwamba pa bambo ake.

Taniela anavula chipewa. Kumbuyo kwake masamba a malalanje ankagwedezeka, lililonse likuoneka palokha.

"Imvi zonsezi zinabwera liti?" anafunsa. "Sindinkaziona."

"Zinalipo," anatero amayi.

"Bambo, ndine Taniela. Ndabwera."

Belu la kutchalitchi linalira. Azakhali Kalolaine sanasunthe. Linalira mpaka kuleka, iwo manja akadali pansalu.

"Pemphera, iwe," anauza Taniela. "Abusa ayembekeza. Akatsakamira pamatanthwe akankha botilo."

Taniela anapemphera, ndipo palibe liwu limene linaduka panjira. Atati ameni, anthu a m'nyumba ndi a panja anayankhira pamodzi. Azakhali anatambasula nsalu ya makungwa, n'kuphimba mlongo wawo pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi, nkhope pomalizira.

Azibambo analowa kudzanyamula thupi. Anthu anayamba kutuluka, bambo Fonua akutsatira ndi ndodo zawo. Melenaite anatseka laputopu n'kuimirira kuti agwire amayi ake padzanja, koma iwo anali atagwada pansi pa tebulo. Anazula waya wa laputopu, n'kubwezera wakuda uja. Kenako anapita pawindo, n'kupendeketsa mutu monga ankachitira amuna awo, ndipo sanachokepo mpaka atamva furiji ikung'ung'uza kuseri kwa mpanda.