Mwendo Woyabwa wa Akalipentala

Pikapuyo ankaitcha Mkonono, chifukwa ikalira inkamveka ngati munthu amene wagona chagada. Koma m'mawa umenewo inangoti zii.

Eni ake, akalipentala, anali atagona m'chipatala miyezi itatu. Matenda atafika povuta anauza akazi awo, mayi telala, kuti angoigulitsa. Mayiwo anawakalipira pabedi pomwepo: "Mudzatuluka muno pagalimoto yanu yomweyo, woyendetsa ndili ine!" Tsiku lotulukalo linali limeneli, masana, ndipo galimoto inakana kulira.

Mayi telala anaitana mlamu wawo, makaniko wodzitama kuti injini amaimva ndi fungo lokha. Anafika ndi bokosi la masipanala, natsegula boneti mwamatama ngati dokotala.

"Batire yatha, alamu. Nkhani yaing'ono iyi."

Anaika batire ina. Sitata inazungulira, nyee nyee nyee, koma injini osagwira. Anamasula mapulagi, kuwapala, kuwayesa: moto unalipo. Anagogoda thanki: petulo analimo. Thukuta linayamba kutsika, matama aja akuchepa. Kenako anazula paipi yopita ku kabureta, napeza kuti ndi youma gwaa.

"Pampu ya mafuta yafa. Ina ndingaipeze mkuja. Kapena tingowaimbira achimwene, galimoto yawo amaidziwa okha."

"Ayi! Akangomva kuti yakana, anena kuti tibwere pa takisi. Ine ndinalonjeza."

Makaniko analowa pansi pa galimoto akung'ung'udza. Mayi telala anakhala pampando wa dalaivala. M'galimotomo munkamveka fungo la utuchi ndi guluu, fungo la amuna awo lenileni, ndipo anawasowa kwambiri.

Anayamba kukumbukira m'mene bambowo ankaliziramo galimoto. Chipewa ankachiponya pampando wapambali. Kenako kupukuta chiwongolero ndi mkono wa malaya. Kenako kuwerama n'kukanda mwendo wakumanzere, pakakolo. Tsiku lililonse, zaka makumi awiri! Mayiwo anawaseka mpaka kutopa, anawagulira mankhwala opaka a mitundumitundu, koma mwendowo unkayabwa m'galimoto mokha, m'nyumba ayi.

Posowa chochita, anawatsanzira. Anaponya mpango pampando, kupukuta chiwongolero, n'kuwerama kuti akande mwendo. Chala chinakhudza kanthu kolimba kunsi kwa mpando. Anakadina. Thapu! Atapotoza kiyi, kumbuyo kunamveka kakulira kang'onong'ono, zzzz.

"Alamu, mwagwira chiyani?" anakuwa makaniko, akutuluka pansi paja fumbi lili mbuu. "Pampu yadzuka! Dikirani ndibwezere paipi!"

Makanikoyo anasuzumira pansi pa mpando, nagwira pakamwa. Kanali kasiwichi kodula magetsi a pampu, kobisira akuba. Akalipentala anakaika okha, osauza ngakhale mng'ono wawo.

"Lizani tsopano!"

Mkonono inatsokomola kawiri, inanjenjemera, kenako inayamba kuliza mkonono wake uja mpaka agalu a aneba kuuwa. Mayi telala anaseka misozi ili mbwembwembwe. Makaniko ananena kuti iye anali atatsala pang'ono kukatulukira kasiwichiko, koma panalibe womumvera.

Akalipentala anali pabenchi panja pa chipatala, ataonda, ndodo ili m'manja. Anaimva galimoto isanakhote n'komwe. Anaimirira okha, nesi osawagwira.

Akazi awo anaimitsa, kuzimitsa injini, n'kutsika atagwira m'chiuno.

"Bambo inu! Mankhwala opaka onse aja ndinkagulira chiyani?"

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, chinsinsi cha anthu awiri si chinsinsi."

Mayiwo anawakweza pampando wapambali, chipewa chili pamiyendo. Bambowo anasisita dashibodi pang'onopang'ono, maso atadzaza misozi, pakuti sankayembekeza kuti adzaikhudzanso. Mwachizolowezi, dzanja lawo linali litafika kale kunsi kwa mpando wa dalaivala n'kuzimitsa kasiwichi kaja. Mayi telala anapotoza kiyi: nyee nyee nyee.

Anayang'anana.

"Kandani mwendo, mayi," anatero akalipentala, "tizipita kwathu."